Kuchotsa ayezi msanga pakhomo: mchere umamasula, fosholo imamaliza

Ku Leeds, Glasgow kapena Dublin, mizinda ya ku Britain ndi ku Ireland, m'mawa wa mu Januwale mumatha kutsegula chitseko n'kupeza masitepe akunyezimira ngati wina wawapaka polishi usiku. Kunja kudakali mdima, chifukwa dzuwa kumeneko limatuluka 8 koloko itadutsa kale, ndipo likatulukanso silikhala ndi mphamvu. Kwa munthu amene anakulira kumene chisanu cha mu Juni, ngakhale cha ku Dedza kapena ku Nyika, chimathawa dzuwa likangowala, maganizo oyamba amathamangira ku ketulo. Madzi otentha ndiwo amaoneka ngati njira yachidule, koma ndiwo amagwetsa anthu ambiri, kawirikawiri osati amene anathirayo koma amene akubwera pambuyo pake.

Masamu ake ndi awa. Kuti kilogalamu imodzi ya ayezi isanduke madzi pamafunika kutentha kokwana ma kilojoule 334. Lita imodzi ya madzi owira, ikamazizira kuchoka pa 100°C mpaka pa 0°C, imapereka ma kilojoule pafupifupi 420. Ndiye kuti lita imodzi imasungunula kilogalamu imodzi ndi kota basi, ndiponso pokhapokha kutentha konse kutalowa mu ayeziyo, zomwe sizichitika chifukwa kwina kumathawa ndi nthunzi, kwina kumamwedwa ndi simenti yozizira. Tsono ayezi wokhuthala sentimita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi amalemera makilogalamu 9. Pamenepo pafunika malita oposa 7, omwe ndi maketulo anayi ndi kanthu, pa kamalo kongokwana mphasa yopindidwa pakati. Mukatha zonsezo mwatsala ndi malita 16 a madzi ali thapwi pa simenti yomwe idakali pansi pa 0°C. Madziwo amayenderera, n'kuundananso mopyapyala komanso mosalala kuposa poyamba. Ameneyu ndiye black ice, ayezi woonekera mkati amene maso amamuona ngati pansi pangonyowa. Madzi ofunda ali ndi malo ake: loko wa geti amene wakana kutseguka, kapena kukamwa kwa ngalande kumene kwatsekeka. Koma mukathira, pukutani pomwepo n'kuwazapo mchere. Pa galasi la galimoto madzi owira musayerekeze, limatha kung'aluka.

Chimene mchere umachita

Mchere sutenthetsa kanthu. Pamwamba pa ayezi pamakhala kachinyezi kochepa kwambiri, ndipo kanjere ka mchere kakagwerapo kamasungunuka m'kachinyezi kameneko n'kupanga madzi amchere. Madzi amchere saundana pa 0°C ayi, amafuna kuzizira koposa pamenepo, choncho ayezi amene wakhudzana nawo amayamba kusungunukiramo. Akamasungunuka, mcherewo umasukuluka, ngati mmene ndiwo zimasukulukira mukamangowonjezera madzi. Ntchitoyo imaima pamene madziwo asukuluka mpaka kufika poti akhoza kuundana pa kuzizira kumene kulipo tsiku limenelo. Kutentha kosungunulira ayeziyo kumachokera pansi ndi mumpweya, n'chifukwa chake zimatenga nthawi, ndipo kukazizira kwambiri zimachedwa kwambiri.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pa -1°C, kilogalamu imodzi ya mchere wamba ikhoza kusungunula makilogalamu pafupifupi 46 a ayezi. Pa -7°C imasungunula 8 kapena 9 okha. Pa -12°C ndi 5 basi, komanso mochedwa moti mudzakhala mutapita kuntchito n'kubwerako. Malire enieni ali pa -21°C, pamene madzi okhala ndi mchere wokwana 23 peresenti nawonso amaundana, koma pogwira ntchito mchere wamba umayamba kufooka kukafika -5°C ndipo kupitirira -10°C ndi wosadalirika.

Bwererani ku makilogalamu 9 aja. Pa -7°C, kuti asungunuke onse ndi mchere wokha, mufunika kilogalamu yathunthu pa mita imodzi iliyonse. Kanjira ka mamita 10 kangadye makilogalamu 10 m'mawa umodzi, ndipo mcherewo ukathera m'maluwa, m'ngalande ndi pa kapeti ya m'nyumba. Palibe wodziwa ntchitoyi amene amatero. Cholinga cha mchere n'kuboola ayezi kufika pansi, madzi amcherewo n'kufalikira kunsi kwake ndi kumasula pamene ayezi wagwirana ndi simenti. Akamasuka amachoka ndi fosholo m'zibenthu zikuluzikulu ngati nkhoko mumphika woviikidwa. Liwiro lonse lagona pamenepo: simukusungunula makilogalamu 9, mukungosungunula kagawo kakang'ono ka pansi.

Kuzizira koyenera kukusamala ndi kwa pansi, osati kumene foni ikuonetsa. Zipangizo za anyengo zimayeza mpweya pa mtunda woposa mita imodzi kuchokera pansi. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, simenti ndi phula zimazizira kuposa mpweya, moti foni ikhoza kunena 3°C pansi pataundana kale. Ndi chifukwa chomwecho galimoto zambiri zimachenjeza pa 3°C kapena 4°C. Masitepe achitsulo, mathabwa ndi malo ali kumthunzi kumpoto kwa nyumba ndiwo amayamba kuundana, ndipo ndiwo amachedwa kusungunuka.

Kagwiridwe kake

Valani nsapato za mphira wokhala ndi mizere yakuya musanatuluke, osati masilipasi. Ngati pamwamba pali chipale chofewa, chimene ambiri amangochitcha sinowo, yambani mwachichotsa ndi fosholo kapena tsache lolimba. Mchere wowazidwa pa chipale chokhuthala umathera m'chipalemo osafika pa ayezi, ndipo chotsatira chake ndi phala lamadzimadzi limene limaundananso usiku. Lambulani kaye kamzere pakati pa njira kuti mupeze popondapo, kenako muzikankhira m'mbali. Muluwo uikeni kumunsi kwa njira, pamene ukamasungunuka masana madzi ake sadutsa pomwe mwakonzapo. Anthu ambiri amauika kumtunda chifukwa ndi pafupi, mawa lake n'kudabwa kuti ayezi wabwerera pomwe pomwepo. Musatseke nawonso ngalande.

Ayezi akakhala wokhuthala kupitirira sentimita imodzi, mubayeni kaye ndi nsonga ya fosholo kapena chitsulo chopalira, mabowo otalikirana ngati chikhato chimodzi. Musamenye ngati mukuswa mwala, mungabenthule simenti kapena matailosi. Mabowowo ndi ongopatsa madzi amchere polowera.

Tsopano wazani. Malangizo a boma la Britain amati supuni yaikulu imodzi pa sikweya mita imodzi, omwe ndi magalamu 15 mpaka 20. Muyezo umenewu ndi wa ayezi wopyapyala kapena woteteza malo amene mwalambula kale. Pa ayezi wokhuthala wirikizani kawiri, kufika magalamu 40, womwenso ndi muyezo wapamwamba umene malole a khonsolo amawaza pamsewu kukagwa chipale. Kanjira ka mamita 10 mulitali ndi mita imodzi mulifupi kamakwana ndi magalamu 200 mpaka 400, kapu imodzi ya tiyi kapena kuposerapo pang'ono. Muziwaza ngati mukufesa mbewu ya mpiru, njere zikhale patalipatali. Mukaona timilu toyera ndiye kuti mwataya mchere, chifukwa mulu umaboola dzenje limodzi pamene malo oyandikana nawo ali chiundanire. Botolo la pulasitiki la mkaka la malita awiri lobooledwa pachivindikiro limawaza bwino kuposa dzanja. Pa masitepe ndi potsetsereka onjezerani pang'ono, ndipo potsetsereka yambirani kumtunda kuti madzi amchere akamatsika azigwira ntchito m'njira.

Mchere wouma pa ayezi wouma umachedwa kuyamba, makamaka m'mawa wozizira kwambiri wopanda chinyezi. Njira yofulumizitsira ndi kuunyowetsa: thirani madzi ofunda pang'ono chabe mu chidebe cha mchere, mutakase mpaka njere zonse zinyowe koma zisasungunuke. Mchere wonyowa umamatirira pomwe wagwera m'malo modumphira m'maluwa, ndipo umayamba ntchito nthawi yomweyo. Malole ambiri owaza mchere m'misewu amachita zomwezi, amaunyowetsa ndi madzi amchere pamene ukutuluka.

Kenako dikirani mphindi 15 mpaka 30. Nthawi imeneyi ndi yoti mukavale kapena kumwa tiyi, ndipo anthu opupuluma amalakwira pomwepa: amaona ngati palibe chikuchitika n'kuwonjezera mchere wina. Zizindikiro zoti zapsa zimaoneka mukawerama. Pa ayezi pamakhala timaenje ngati pa nthaka pamene padontha mvula, mtundu wake umasintha kuchoka pa kuwala kupita kotuwa, kunsi kwake mumaona madzi akuyenda mukapondapo, ndipo nthawi zina kumamveka kuthetheka. Lowetsani fosholo ya mlomo wowongoka m'mphepete, moigoneka pafupi ndi pansi, n'kukankha. Chibenthu chikakana musalimbane nacho, pitani pena mubwerereponso. Phala lonse lichoke, chifukwa ndi madzi amchere osukuluka amene adzaundana kukangozizira pang'ono. Malizani ndi tsache, n'kuwazanso mchere wochepa kwambiri pa malo onyowawo.

Mchere uti

Wa patebulo umagwira ntchito, wa m'makina otsukira mbale umagwiranso, ndipo onsewo ndi sodium chloride yemweyo. Kusiyana kuli pa kukula kwa njere. Mchere wosalala umasungunuka msanga, choncho ndi wabwino pa kagalasi kopyapyala ka m'mawa, koma pa ayezi wokhuthala umathera pamwamba. Wa mibulu ikuluikulu umachedwa kuyamba koma umaboola mpaka pansi. Kusakaniza iwiriyi kumathandiza. Rock salt wofiirira amene makhonsolo a ku Britain amagwiritsa ntchito amakumbidwa m'migodi monga wa ku Winsford ku Cheshire, ndipo mtundu wakewo ndi wa dothi limene amatuluka nalo pansi. Dothilo limathandiza kuti phazi ligwire komanso mumaona pamene mwawaza kale, koma limadetsa m'nyumba. Woyera ndi wodula pang'ono ndipo susiya matope.

Ku Britain ndi ku Ireland mchere wamba umakwanira masiku ambiri. Ku Toronto, Calgary kapena Minneapolis, mizinda ya ku Canada ndi ku America, kumene -20°C si nkhani, pamafunika calcium chloride, mtundu wina wa mchere wosungunulira ayezi. Ameneyu amasiyana ndi mchere wamba pa zinthu ziwiri: amakoka chinyezi mumpweya, choncho sadikira kuti apeze madzi, ndipo akamasungunuka amatulutsa kutentha. Amagwirabe ntchito mpaka cha m'ma -25°C ndi kupitirirapo, ndipo pa kuzizira kwapakati ndiye wachangu kuposa onse. Mtengo wake ndi wokwera, amawotcha khungu lonyowa, amaumitsa nsapato zachikopa mpaka kukhakhala, ndipo mukachulutsa amasiya chinyezi choterera ngati mafuta. Valani magolovesi a mphira, ndipo thumba mukatsegula lisungeni mu ndowa yotseka bwino, apo ayi mudzapeza lasanduka chimwala kapena madzi. Magnesium chloride ali pakati, amafika cha m'ma -15°C.

Matumba olembedwa kuti ice melt muziwatembenuza n'kuwerenga kumbuyo. Ambiri ndi mchere wamba wopakidwa mtundu, wosakaniza ndi calcium chloride kapena magnesium chloride wochepa, pamene kutsogolo alembapo kuzizira kumene mankhwala ochepawo angapirire. Chimene chatchulidwa koyamba pa mndandanda wa zosakaniza kawirikawiri ndicho chimakhala chochuluka.

Urea, yemwe uja wobereketsa chimanga, amagulitsidwanso ngati mankhwala a ayezi osapweteka ziweto ndi zitsulo. Amagwiradi ntchito koma mofooka, ndipo kupitirira -5°C kapena -6°C musamudalire. Popeza ali ndi nayitirojeni 46 peresenti, mukachulutsa amawotcha kapinga monga amawotchera chimanga mukathira pafupi ndi phesi. Feteleza wina aliyense wokhala ndi ammonium nitrate kapena ammonium sulphate, kuphatikizapo CAN, asayandikire simenti chifukwa amaidya.

Pa intaneti pamayenda njira ina yoti musakanize madzi otentha, sopo wotsukira mbale ndi spirit pang'ono. Chimene chimasungunula ayezi pamenepo ndi madzi otenthawo. Spirit wa masupuni atatu kapena anayi mu malita awiri amatsitsa poundanira ndi digiri imodzi yokha, ndiponso amauluka msanga, pamene sopo amangowonjezera kuterera. Viniga ndi shuga nazonso mphamvu yake ndi yochepa. Antifreeze wa galimoto, mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana, ndiye woopsa: ethylene glycol imene ili mmenemo imatsekemera, ndipo pang'ono pokha imapha mphaka kapena galu.

Mchere ukasowa, kapena kukazizira moti sungagwire, siyani zosungunula n'kuganiza zoti phazi ligwire. Mchenga wokhakhala wa kumtsinje, timiyala ting'onoting'ono kapena phulusa la nkhuni sizisungunula kanthu pazokha, koma zimaletsa kuterera nthawi yomweyo, ndipo pokhala zakuda zimakoka kutentha dzuwa likawala. Pa masitepe a munthu wokalamba, pamene simungadikire mphindi 30, chanzeru n'kusakaniza mchenga ndi mchere: mchenga ugwire ntchito pompo, mchere uzibwera pambuyo. Amene amayenda khomo ndi khomo kusamalira okalamba amapindula kukhala ndi kabotolo ka zosakaniza zimenezi m'galimoto.

Kuteteza usiku

Njira yachangu kuposa zonse imachitika dzulo lake. Mchere ukakhala pansi ayezi asanabwere, ayeziyo sagwirana ndi simenti, ndipo pamafunika wochepa kwambiri poyerekeza ndi womasulira ayezi amene wagwira kale. Mukamva kuti usiku kuzizira, wazani magalamu 10 mpaka 15 pa mita iliyonse madzulo. Pansi pakakhala pouma ndipo kuli mphepo, madzi amchere amaposa mchere wouma. Sungunulani magalamu 300 mu lita imodzi ya madzi ofunda, zomwe zimapereka 23 peresenti ija, muthire mu sipuleya ya m'munda, n'kupopera mizeremizere mosachita kudikha. Madziwo akauma amasiya mchere womatirira. Muyezowu usachepe, chifukwa madzi osukuluka adzaundana okha n'kukhala msampha umene mwatchera nokha. Ngati kukubwera mvula chisanu chisanafike, dikirani ikate, mukapanda kutero ikokolola zonse. Sipuleya muitsuke mukamaliza, mchere umadya tizitsulo ta mkati.

Ngati ayezi amabwerera pa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, pali madzi amene akuchokera penapake. Yang'anani m'mwamba: gatala yodzaza masamba imene ikudontha, paipi yotsitsa madzi a padenga imene ikulavulira panjira, mpope wa panja wodontha, kapena kapaipi kotulutsa madzi ka boiler, makina otenthetsa madzi ndi nyumba. Kukonza chimenecho kumathetsa vuto limene matumba atatu a mchere sangathetse.

Zimene mchere umawononga

Madzi akamaundana amafufuma ndi 9 peresenti. Simenti ili ndi timabowo tosaoneka, ndipo mchere umachititsa kuti madzi ambiri alowemo komanso kuti kuundana ndi kusungunuka kuzichitika kawirikawiri. Mapeto ake pamwamba pamayamba kusupuka ngati khungu. Konkire yosakwana chaka chimodzi isathiridwe mchere wa mtundu uliwonse, mchenga wokha basi. Miyala yofewa monga limestone ndi sandstone, njerwa zakale ndi simenti ya m'mizere ya matailosi nazonso sizipirira. Phula limapirira bwino. Mchere ukalowa mpaka pa zitsulo za mkati mwa konkire umadzetsa dzimbiri, dzimbirilo n'kufufuma ndi kung'amba sitepe. Pa khonde la mathabwa, mchere umadya misomali ndipo fosholo yachitsulo imakanda thabwa, choncho pamenepo gwiritsani ntchito fosholo ya pulasitiki ndi mchenga, kapena khomani timizere tokhakhala toletsa kuterera. Amene akuchita lendi aziganizira zimenezi, chifukwa masitepe osupuka amatha kudya dipoziti.

Maluwa ndi mpanda wa zitsamba za m'mbali mwa njira zimaonetsa kupsa kwake mochedwa, mu Epulo kapena Meyi, masamba akamatuluka ofiirira kumbali yoyang'ana njira. Phala lamchere musalitayire m'bedi la maluwa. Ndipo mchere sutha: bungwe loona za chilengedwe ku Minnesota, ku America, limawerengera kuti supuni yaing'ono imodzi imaipitsa malita pafupifupi 19 a madzi a m'nyanja kapena mumtsinje. Pansi pakauma mukaona njere zatsala, sesani mubwezere m'ndowa, zidzagwiranso ntchito. Galu akachokera koyenda mutsukeni mapazi ndi madzi ofunda asanayambe kudzinyambita.

Malamulo amasiyana malo ndi malo. Ku England kuli mphekesera yoti ukalambula njira ya kutsogolo kwa nyumba yako munthu n'kugwapo, akusumira. Boma linafotokoza kuti n'zokayikitsa kuti munthu angaimbidwe mlandu ngati walambula mosamala, ndipo kusamalako kukuphatikizapo kusathira madzi. Mchere wa m'mabokosi a grit bin a m'mbali mwa msewu ndi wa misewu ndi njira za anthu onse, osati wa pabwalo panu. Ku New York mwini nyumba amayenera kulambula pasanathe maola anayi ngati chipale chasiya kugwa masana. Ku Berlin ndi mizinda ina yambiri ya ku Germany kulambula ndi lamulo, koma munthu wamba saloledwa kuthira mchere panjira ya oyenda pansi, amagwiritsa ntchito mchenga ndi timiyala.

Mukalambula m'mawa, dzuwa ndi mphepo zimaumitsa pansi masana. Bwereraninso pamalopo cha m'ma 4 koloko kusanade. Ngati penapake padakali ponyowa, makamaka m'munsi mwa mulu wa chipale ndi pa sitepe yomaliza pamene madzi amadikha, sesani madziwo n'kuwazapo supuni imodzi. Ndowa ya mchere ndi fosholo zigone mkati, kuseri kwa chitseko, osati mu shedi kumene muyenera kudutsa pa ayezi kuti mukazitenge.